Soya wa Lachinayi

Lachinayi langa linkayenda chonchi. Tambala wachiwiri akamalira ine ndadzuka kale, ndakoleza moto, ndatereka madzi osamba a bambo a Iness. Madziwo akamatentha ndikusesa pakhomo, chifukwa nyumba za kumalayini n'zogundana ndipo zinyalala za mnzako zimagona pakhomo pako. Kenako kumpopi maulendo atatu, ndowa pamutu, Iness kumsana, wina m'mimba. Kusita malaya a khaki ndi simbi ya makala. Tiyi. Kupukuta njinga. Bamboyo akangokhota pamtengo wa mango paja, ine ndatsuka makapu, ndaviika matewera, ndakhoma chitseko, ndatenga beseni ndi kampeni kanga, ulendo wa ku Songani. Kubwerako dzuwa lili paliwombo. Kuphika, kuchapa matewera aja, kukathirira mpiru kudimba, madzi ena kumpopi, nkhuni ngati zatha. Masiku enawo ankafanana ndi limeneli, kungochotsapo Songani.

Koma Songani ndiye inali nkhani yonse.

Chinali chaka cha 1986, mwezi wa Okutobala, ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Amuna anga, a Mateyo, anali mesenjala pa ofesi ina ya boma pa Domasi. Munthu wa pa tikiti, wolandira malipiro pakutha pa mwezi, wa nsapato zopolisha, wowerenga mawu kutchalitchi Lamulungu. Tsiku lomwe tinalowa m'nyumba ya kumalayini anandiuza kuti mkazi wa munthu wa pa tikiti sagwira ganyu, n'zochititsa manyazi. Ndinati chabwino. Malipiro awo ankagula ufa, mchere, sopo, palafini, ndi matemba a sabata yoyamba ya mwezi. Masabata atatu otsalawo anali a chigwada, mfutso wa nkhwani ndi nandolo. Koma Lachinayi lililonse m'mbale mwawo munkapezeka nthumbwana ziwiri ndi msuzi wake, ndipo iwo ankadya n'kunyambita zala, n'kumanditama kuti ndimadziwa kusamala za m'nyumba. Sanafunsepo.

Nthumbwanazo zinkachokera kwa Che Mohamedi, opha mbuzi kuseri kwa msika wa Songani. Ankapha zitatu Lachinayi m'mawa, kuti Lachisanu azipita kumzikiti ntchito itachepa. Zam'kati zake ndinkatsuka ndine kumtsinje: kutembenuza matumbo ndi kamtengo, kupala chifu mpaka chiyere, kukulunga nthumbwana. Ndi ntchito yonunkha, ntchentche zimakuperekeza mpaka kumsewu. Malipiro ake sanali ndalama. Ankandidulira chiwindi kukula ngati chikhatho changa, mapapo pang'ono, ndi nthumbwana ziwiri zija. Chiwindicho chinali cha Iness.

Iness anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndinam'letsa bere msanga chifukwa cha mimba inayo, monga amachitira aliyense kwathu, ndipo kuchokera pamenepo mwana anayamba kutha. Sukulu ndinalekezera Sitandade Sikisi, koma khadi la kusikelo ndimaliwerenga. Pali mizere iwiri yokwera phiri, ndipo timadontho ta mwana wako tiziyenda pakati pake. Ta Iness tinali titagona pamzere wam'munsi miyezi itatu. Anamwino anandiuza pamaso pa amayi onse a pa benchi kuti kadontho kakangotsika pansi pa mzerewo, mwana agonekedwa ku wodi ya ana onyentchera. Kumalayini, mayi amene wapita ku wodi imeneyo dzina lake limasintha. Amangoti, uja anatumbiza uja. Dzinalo sindinkaliopa kwenikweni. Chimene ndinkaopa n'choti ana awiri a kumudzi kwathu anapitako, wobwerako anali mmodzi.

Lolemba lina madzulo a Mateyo anasamba m'manja, n'kukhosomola ngati ali kugome kutchalitchi.

"Mayi a Iness, kuyambira sabata ino, Lachinayi m'nyumba muno simudyedwa nyama. Nyama, nsomba, mazira, zonsezo ayi. Zakumunda zokhazokha."

Ndinayang'ana mbale ya chigwada imene inali pakati pathu.

"Nanga ichi n'chiyani? Ng'ombe?"

"Musayambe."

"Sindikuyamba, ndikufunsa. Lolemba imadyedwa? Lachiwiri imadyedwa?"

Anafotokoza. Abwana awo, a Lyton Mkwanda, anali atangobwera kumene kuchokera kusukulu kunja, atatenga kabuku. Kabukuko kamati nyama imathamangitsa magazi ndi kutupitsa mtima, ndipo munthu wotsogola amapumitsa mimba yake tsiku limodzi pa sabata. Anamata pepala pakhoma la ofesi kuti ofuna alembe mayina. Lachisanu lililonse m'mawa aziima onse, abwana azifunsa mmodzimmodzi ngati kwawo asunga.

"Akuti nyama ikutha anthu m'dziko muno."

"Anthu ake ati? Ndisonyezeni mmodzi m'malayini muno amene watha ndi nyama, ndikam'funse kumene amaipeza."

"Bambo anga anagwa m'munda, mbali imodzi n'kufa. Anali magazi omwewo."

"Bambo anu ankadya nyama pa Khirisimasi ndi pamaliro."

Anaika mbamu pansi. Ndinaona kuti ndaponda pachilonda, ndiye ndinatsitsa mawu.

"Chabwino. Sankhani Lolemba. Sankhani Lachiwiri, Lachitatu, Loweruka. Tengani onse anayi, ndikupatsani aulere. Lachinayi lokha lisiyeni."

"Lachisanu n'la Akatolika, ife si Akatolika. Lachitatu abwana amadyera ku kalabu ku Zomba. Agwirizana Lachinayi, ndipo dzina ndalemba kale. Inu muzingogula nyama yanuyo tsiku lina. Chavuta n'chiyani?"

Chovutacho ndinkachidziwa ndine, koma kuchitchula kukanakhala kuulula ganyu. Kenako a Mateyo anatulutsa chenicheni. Mkulu wosunga sitolo ya ofesi ankapuma pa ntchito mu Disembala. Ofuna malowo anali awiri: iwo ndi a Isaki, mesenjala mnzawo, amene khitchini yawo inagundana khoma ndi yathu. Pa pepala paja dzina loyamba linali la a Isaki, la a Mateyo lachiwiri.

Lachinayi loyamba ndinapita ku Songani monga mwa nthawi zonse. Ndinaganiza zophika masana iwo ali kuntchito, Iness adye chiwindi chake, zotsalazo zikhale mumphika mpaka Lachisanu. Zam'kati sizigona zaziwisi mu Okutobala. Ndinatseka chitseko cha khitchini, utsi n'kumandiliza misozi, koma fungo la mbuzi ndi anyezi silidziwa chitseko.

"Kununkhira bwanji kwa anzathu!" Anali a Lukiya, akazi a Isaki, kuseri kwa khoma. "Kodi kalendala yanu yathamanga? Kwathu kuno lero n'Lachinayi."

"Mphuno yanuyo ikanakhala khasu, achemwali, bwenzi muli ndi munda."

"Ife timangomvera za abwana. Ena kaya."

A Isaki ankabwera kudzadya masana. Pobwerera ku ofesi ananyamula nkhaniyo pa keliyala. Madzulo a Mateyo sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatsamiritsa njinga, analunjika kukhitchini, anavundukula mphika, n'kuunyamula ndi manja awiri mpaka kudzenje la zinyalala. Ndinawatsata.

"Zamawa zimenezo! Palibe akudya lero!"

"Mwana wadya?"

"Wadya. Ndi wa pa pepala iyeyo? Analemba dzina?"

"Ndinalembera nyumba yonse. Mawa abwana akandifunsa ndikanene bodza? Ine?"

Anakhuthula. Agalu a kumalayini anafika mphika usanathe kudontha. Kunena zoona, amuna anga sanali achinyengo. Akanakhala achinyengo bwenzi zinthu zikuyenda. Lachisanu anaima pamaso pa anzawo n'kuvomera kuti kwawo kunaphikidwa nyama. Anabwerako nkhope ili gwa, akuti anzawo anawaseka ngati mwana wokodzera pamphasa.

Lachinayi lachiwiri ndinachenjera. Ndinauza Che Mohamedi kuti nthumbwana asunge, andionjezere chiwindi.

"Nthumbwana zanga mwazikana? Zalakwanji?"

"Kwathu kwabwera lamulo. Lachinayi sitidya nyama."

"Mwalowa mpingo wina?"

"Mpingo wa ofesi."

Anaseka mpaka kutsamira chipika chodulira nyama. "Ife timasala mwezi wathunthu, koma ana oyamwa chala sitiwasalitsa. Abwana amenewo mudzabwere nawo ndidzawaone. Wokana nyama ndi amene waikhuta."

Ndinasonkha kamoto pamchenga kumtsinje komweko, ndinawotcha chiwindicho pa kamtengo, Iness anadya atakhala pamwala, mafuta akuyenderera mpaka m'zigongono. Ndinam'sambitsa ndi sopo mpaka kukamwa. Kunyumba ndinaphika mpiru wotendera chitseko chili chotsegula, kuti a Lukiya anunkhize bwino. Mumtima ndinati basi, njira ndaipeza. Lamulo lawo likhale, mwana wanga azidya.

Sabata yachitatu kunabwera soya.

A Mateyo anam'bweretsa Lachitatu m'chitini cha mafuta ophikira, timbewu tobulungira ngati nandolo woyera. Ine ndinali ndisanamuonepo, kungomumva pa wailesi. A Mkwanda anagula thumba lathunthu n'kugawira onse a pa pepala.

"Akuti imeneyi ndi nyama ya m'munda. Amamanga thupi kuposa chiwindi. Wa akulu muphike ngati nyemba. Wa mwana musinje, muthire m'phala ngati nsinjiro."

"Iwowo anaphikapo?"

"Anawerenga."

"Akazi awo anaphikapo?"

"Ali ndi wowaphikira. Tamverani: mawa masana abwana ayendera nyumba za tonse kudzaona. Tikupezeni pakhomo, chakudya chitapsa."

Ndinawerengera chonchi. Nyemba zimapsa maola awiri. Ndikatereka m'mamawa, pofika eyiti koloko ndaphula, ndathamangira ku Songani mochedwerako, ndabwerako abwana asanafike. Ndinatereka kusanache bwino. Eyiti koloko soya anali ngati miyala ya mumtsinje. Naini koloko chimodzimodzi. Ndinathira madzi, ndinasonkhezera, ndinathiranso madzi. Thovu linkasefukira n'kuzimitsa moto. Mtolo wa nkhuni umene ndinatsika nawo m'phiri Loweruka, ndikuzemba alonda a nkhalango ndi mimba yangayo, unatha wonse. Ndinayamba wachiwiri. Nthawi imene Che Mohamedi ankasenda mbuzi yachitatu, ine ndinali nditagwada ndikuuzira moto pansi pa timiyala ta abwana.

Wa mwana ndinachita monga anandiuzira. Ndinasinja wouma, ndinasefa. Phala la mgaiwa litatsala pang'ono kupsa ndinathira masipuni atatu, monga timachitira ndi nsinjiro, kuvundula kangapo, kuphula. Fungo lake linali ngati la udzu wofolera umene wavumbwa ndi mvula.

A Mkwanda anafika pa galimoto ya ofesi, tayi pakhosi, mimba patsogolo. Ndinagwada kuwalonjera. A Mateyo anawapatsa mpando, ine ndinabwera ndi madzi osamba m'manja.

"Ayi ayi, amayi, ndadya kale. Ndangobwera kudzaona chitukuko. Uyu ndiye mwana? Wochepa thupi, eti? Soya ameneyu am'konza. Pakatha sabata ziwiri simudzam'zindikira."

Iness analawa sipuni imodzi n'kulavula. Yachiwiri anakana, mutu uku ndi uku. A Mateyo anandiyang'ana. Ndinam'goneka pamiyendo, bambo ake anam'gwira manja, ndinam'mwetsa phalalo ndi chikhatho monga ankatimwetsera ife tili ana. Analira, anameza, analira, anameza. A Mkwanda anaomba m'manja n'kupita kwa a Isaki.

Madzulo a Mateyo anakhalira mbale yawo ya soya wowiritsa maola asanu ndi awiri, wolimbabe pakati. Ankatafuna ngati mbuzi pa chitsononkho.

"Akukoma," anatero.

"Onjezerani ndiye." Ndinawakhuthulira yense. Mimba yawo inalira ngati ng'oma mpaka Loweruka. Koma munthu wamkulu ali ndi thupi loti achotsepo. Mwana wanga analibe.

Apa ndisanamizire wina. Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu palibe anandikakamiza. Sikelo inali Lachiwiri, chiwindi cha sabata imeneyo chinali chitandiphonya, ndipo munthu wophunzira kunja ananena kuti ichi chimaposa chiwindi. Ndinam'patsa phalalo katatu pa tsiku. Atayamba kutsegula m'mimba Lachisanu madzulo ndinati ndi mano akumera. Loweruka matewera onse asanu ndi limodzi anali pachingwe, mpaka ndinang'amba chitenje. Ndinalekeza Lamulungu masana, nditaona kuti maso ake alowa ndipo akulira wopanda misozi. Madzi a mchere ndi shuga ndinam'mwetsa, kutsegulako kunachepa, koma thupi limene linatuluka silinabwerere.

Lachiwiri anamwino anam'pachika pa sikelo, anayang'ana muvi, anam'tsitsa, anam'pachikanso. Kenako analemba kadontho pansi penipeni, kutali ndi mzere, ngati mwala wagwera m'chitsime.

"Mwezi watha anali makilo eyiti ndi hafu. Lero seveni ndi hafu. Mayi, mwanayu mwam'tani?"

Ndinafotokoza. Nditafika pa nsinjiro anaika cholembera pansi.

"Wosakazinga? Mwam'patsa soya wauwisi? Ameneyo ngakhale nkhumba imatsegula naye m'mimba! Anakuuzani ndani?"

"Abwana a amuna anga."

"Abwanawo ndi alangizi? Ndi adokotala?"

"Anawerenga."

Amayi a pa benchi anaseka. Ine sindinaseke. Tsiku lomwelo tinagonekedwa.

Tinakhalako masiku khumi ndi atatu. Mkaka wa pa kapu maola atatu alionse, kenako phala. Bedi loyandikana ndi lathu linasintha ana kawiri, ndipo sindinafunse kumene woyambayo anapita. Phala limene ankatipatsa linali la soya yemweyo. Kukhitchini ya wodi anationetsa: kum'kazinga pa chiwaya mpaka afiire n'kununkhira ngati mtedza, kukonola, kupeta makoko, ndiye kusinja, ndipo phalalo liwire nthawi yaitali. Basi. Zimenezi munthu angazinene asanamalize kumanga tayi.

A Mateyo anabwera Loweruka ndi mabanzi awiri. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja, akuyang'ana timiyendo ta mwana wawo. Ndinaona kuti mtima ukuwapweteka, ndipo akanakhala chete ndikanawakhululukira pompo.

"Mwina kaphikidwe kanu ndi kamene kanalakwika," anatero. "Kwa a Isaki sikunadwale munthu."

"Kwa a Isaki soya anapita kwa nkhuku galimoto itangonyamuka. Ndinaona ndi maso anga. Kafunseni nkhukuzo."

"Basi, zachitika. Koma ku ofesi ndauza anthu kuti ndi malungo. Chonde, nkhaniyi isafike kwa abwana. Disembala ali pafupi."

"Malungo? Mwanena bodza? Inu? Inu amene munakhuthulira agalu ndiwo za mwana poopa bodza?"

Anasiya mabanziwo pabedi n'kuvala chipewa.

Tinatuluka Lolemba. M'mawa mwake kumpopi ndinapeza a Lukiya ali patsogolo pa mzere.

"Takulandirani apaulendo! Akuti malungo, eti? Malungo a masiku ano ndi ofiiritsa tsitsi."

"Nkhuku zanu zili bwanji, achemwali? Nyama ya m'munda ija inaziyanja?"

"Nkhuku zanga zili bwino. Zimaikira zikamaliza kulera. Sizitumbiza."

Ndowa yanga inali yopanda madzi, ndiye anapulumuka.

Lachinayi ndinatenga beseni ndi kampeni. Kumtsinje ndinapeza mayi wina atakhala pamwala wanga, matumbo ali m'manja.

"Achemwali," anatero Che Mohamedi akunola mpeni, osandiyang'ana, "masabata atatu. Mbuzi ikaphedwa matumbo sadikira munthu. Sabata yoyamba ndinatsuka ndekha, ogula ali pamzere. Uthenga womwe ayi."

"Mwana anagonekedwa."

"Ndinamva. Pepani. Koma awa nawonso ali ndi ana, ndiwachotse bwanji?" Anadula kachiwindi n'kukulunga m'pepala. "Aka n'ka mwanayo, si malipiro. Musazolowere."

Lachisanu m'mawa, a Mateyo atangokhota pa mango paja, ndinaphika phala. Ndinaphika ndendende monga anatiuzira a Mkwanda: soya wouma wosinja, masipuni atatu, kuvundula kangapo, kuphula. Ndinavala chitenje cha kutchalitchi, ndinabereka Iness, khadi m'kathumba ka pulasitiki, mbale yovundikira pamutu.

Ndinawapeza ataima pakhonde la ofesi, amuna asanu ndi anayi, abwana ali ndi pepala m'manja. Anali pa dzina loyamba.

"Kwathu tasunga, bwana," ankatero a Isaki. "Nyemba ndi bonongwe."

Ndinagwada pasitepe, chifukwa mwambo ndimaudziwa. A Mateyo atandiona anasendera pafupi nane.

"Mayi a Iness, kunyumba kwagwanji? Tiyeni tikalankhulire uko."

"Sindinabwerere inu. Bwana, ndakutengerani kachakudya. Tsiku lija munati mwadya kale, ndiye lero ndalawirira."

Ena anaseka. A Mkwanda anamwetulira n'kutembenukira anthu awo.

"Aa, soya wathu uja! Mwaona anzanga? Amayi otsogola ndi awa."

Ndinavundukula mbale, ndinawapatsira sipuni ndi manja awiri. Pamaso pa anthu awo sakanakana. Anatapa, anaika m'kamwa. Ndinaona tsaya likugwedera. Anayang'ana uku ndi uku kufuna polavulira, panalibe, anameza.

"Pakufunika kashuga pang'ono."

"Shuga alimo. Tapaninso. Katatu pa tsiku, masiku anayi. Mukakana, amuna anga akugwirani manja, amadziwa."

"Mayi a Iness!"

Ndinatulutsa khadi n'kuliyala pasitepe, pafupi ndi nsapato za abwana.

"Inu munaphunzira kunja, ine Sitandade Sikisi, ndiye tiwerengere limodzi. Apa ndi pamene ankadya chiwindi Lachinayi. Sankakwera, koma sankagwa. Apa ndi pamene anadya mawu anu. Si malungo. Masiku khumi ndi atatu ku wodi ya ana onyentchera. Soya amayamba wakazingidwa, bwana. Kabuku kanu sikananene, kapena tsamba limenelo munalidumpha?"

"Amayi, ine sindinanene kuti... Zophika ndi za azimayi. Mukanafunsa."

"Ndinafunsa. Ndinafunsa amuna anga ngati inu munaphikapo. Anati munawerenga."

"Komanso ndi tsiku limodzi lokha pa sabata! Nyama mukanagula tsiku lina. Palibe anakuletsani."

"Kugula ndi chiyani? Amuna angawa amagwira ntchito kwa inu, zimene amalandira mukuzidziwa. Nyama ya kwathu sinagulidwepo. Ndinkatsuka matumbo a mbuzi ku Songani Lachinayi lililonse kuyambira mwezi wa Epulo, ndi manja awa. Ndi tsiku lokhalo limene amapha. Masiku ena asanu ndi limodzi lamulo lanu tinkalisunga kale inu musanakwere ndege."

A Isaki ankayang'ana nsapato zawo, milomo ikugwedera ndi phwete. A Mateyo anandiyang'ana ngati sanandionepo.

"Ganyu?" anafunsa, mawu ali pansipansi.

"Ganyu. Munkanyambita zala."

Ndinatola khadi langa, ndinadzuka, ndinakonza mbereko. Mbale ndinaisiya pasitepe, sipuni ili momwemo.

Tsopano ndiwerenge zimene Lachinayi la a Mkwanda linatidyera. Mitolo iwiri ya nkhuni. Mphika umodzi, unabooka pansi. Nthumbwana ziwiri, mapapo ndi msuzi wake, zinapita kwa agalu. Chitenje chimodzi chimene ndinang'amba matewera. Mpiru wonse wa kudimba, unauma ndili ku wodi. Mbale ndi sipuni, sizinabwerere. Mwala wanga wa kumtsinje ku Songani. Malo a kusitolo anapatsidwa a Isaki, ndipo a Lukiya tsopano amakazinga nyama Lachinayi chitseko chili chotsegula, popeza pepala lija linamatulidwa pakhoma Khirisimasi isanafike. A Mateyo sanandilankhule masabata atatu, ankadya atayang'ana kukhoma, ndipo mpaka lero za ganyu sizitchulidwa m'nyumba muno. Dzina lija la kumalayini ndinapatsidwa. Iness anataya kilo imodzi m'masiku anayi, ndipo panatenga miyezi itatu kuti ibwerere. Kadontho kake kanadutsa mzere mu Febuluwale, mlongo wake atabadwa kale. Kiloyo inabwerera ndi soya wotsala m'chitini muja ndi wina amene ndinasinthanitsa ndi nandolo, wokazinga ndi manja anga pa chiwaya. Nyama m'nyumba muno timadya pa Khirisimasi.